Dzanja Lamanzere la Ignasio

Ignasio Gerevazio anakulira ku Kaphuka, pakati pa minda ya kachewere, koma khasu ndi iye sankagwirizana. Atamaliza sukulu anakaphunzira zamakompyuta ku Lilongwe, n'kubwerera kudzagwira ntchito ku kabungwe ka alimi pa Linthipe. Ntchito yake inali kulemba timapulogalamu totumiza mauthenga m'mafoni a alimi: mvula yayandikira, chiwawu chabuka, poperani mankhwala. Zala zake zinkathamanga, moti odutsa pawindo la ofesi ankaima kumuonerera.

Mu Juni chaka chatha, njinga yamoto ya kabaza imene anakwera inaterereka pamsewu waukulu. Anatsitsimukira m'chipatala, dzanja lamanja lili pamalo pake koma losamva kanthu. Adokotala anati mitsempha yaduka paphewa. Mkazi wake Jestina ndiye analira. Iye ankangoliyang'ana dzanjalo lili pabulangeti, ngati wina waliiwala pamenepo.

Chilimwe chili mkati anabwerera kuntchito. Ankalemba ndi kumanzere, chilembo chimodzichimodzi, ndipo zizindikiro zofuna kudina mabatani awiri pamodzi zinkamukanika. Tiyi ankazizira mzere umodzi usanathe. Sankadandaula, sankakwiya. Akalakwitsa ankafufuta n'kuyambiranso.

Pilira, mnzake wa mu ofesimo, anamuyang'ana kwa masabata angapo asanalankhule.

"A Gerevazio, pulogalamu mukulemberayi ndi tsamba loyera chabe. Zilipo zina zoti mukangoyamba liwu, zimakumalizirani zokha. Bwanji osayesa?"

"Ikani," anatero Ignasio.

"Zilipo zambiri. Mukufuna iti?"

"Iliyonse."

Pilira sanamvere zimenezo. Anakoka mpando n'kunena kuti asankhire limodzi. Yoyamba inali yokongola, ya mitundumitundu, yodziwa kulosera mizere yathunthu. Koma laputopu ya Ignasio inali yokalamba. Inatentha, inayamba kulira ngati chigayo, ndipo liwu lililonse linkaoneka mochedwa. Komanso pulogalamuyo inkafuna intaneti nthawi zonse, pamene netiweki ya mu ofesimo inali yobwera n'kupita. Pilira anausa moyo, anaichotsa.

Ina inali yopepuka, yosakongola. Ignasio anadina zilembo ziwiri, ndipo pansi pake panatuluka kamndandanda ka mawu. Anasankhapo limodzi podina ndi chala chapakati, liwu lonse linakhala pamalo pake. Atatsegula bulaketi, inzake yotsekera inabwera yokha. Anayesanso mzere wina, kenako wina.

"Mwaikonda?" anafunsa Pilira, nkhope itawala.

Ignasio anafufuza mumtima mwake kuti apeze choyankha. Munalibe chimwemwe, munalibenso manyazi.

"Ikugwira," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo amalembera yomweyo. Liwiro lakale silinabwerere, koma ntchito ya sabata imatha m'sabata yake, ndipo akuluakulu a bungwe anasiya kunong'onezana akamuona. Pilira nthawi zina amamuonetsa njira zachidule zatsopano. Iye amagwedeza mutu, zina amazigwiritsa ntchito, zina amaziiwala. Kabaza sakweranso, amadikira minibasi ngakhale ichedwe bwanji, dzanja lamanja litalowetsedwa m'thumba la jekete.

Loweruka lina masana anakhala pakhonde, nkhungu itaphimba mapiri. Jestina anabwera ndi lezala, anaika dzanja lija pamiyendo pake n'kuyamba kuliwenga zikhadabo, popeza zinali kukulabe.

"Kuntchito zikuyenda, bambo a Alinafe?"

"Zikuyenda. Anandiikira yomalizitsa mawu."

"Ndiye kuti zapepukako?"

"Eya."

Jestina anafuna kufunsa zina, koma lezala linaterereka n'kucheka nsonga ya chala. Magazi anadontha pachitenje chake.

"Mayo! Ndakupwetekani?"

Ignasio anatembenuka, anayang'ana chalacho, anayang'ana mkazi wake.

"Ayi," anatero. "Malizani zinazo."