Mawu a Christobel, Pakamwa pa Wina

Christobel ndi mwana wanga wachitatu. Sukulu analekezera folomu 2, panopa amagulitsa kachewere pamsewu pa Mlangeni. Nkhope ya pakalendala alibe, ine mayi wake ndikunena. Chimene Mulungu anamupatsa ndi mawu, aakulu, olemera, moti kukwaya ankamuimika kumbuyo ndi azibambo a besi.

Chaka chatha Austin, mnyamata wokonza mafoni, anamuitana kuti alowe bandi yawo. Austinyo amalankhula mothamanga ngati wogulitsa mankhwala a makoswe m'basi, akuti ndi rapu. A Cyprian, aphunzitsi opuma ntchito, amaliza lipenga lopindika lija mwaulesi, akuti jazi. Ndiye Christobel amalowa pang'onopang'ono ngati akutonthoza khanda. Ine sindinaletse. Ndinangogwada n'kunena kuti Ambuye, bola asakaimbe zolaula.

A bandiwa alibe bwana, amajambula nyimbo okha m'kachipinda komata matileyi a mazira. Nyimbo imodzi inatchuka, ndiye anaitana wa kamera wa ku Lilongwe kuti apange vidiyo. Christobel anakalukitsa tsitsi n'kumadikira. Sanamuitane.

Vidiyoyo ndinaionera pafoni ya mayi wina pamzere kuchipatala ku Kasinje, nditapita kukayezetsa BP. Mawu ndi a mwana wanga, koma woyasama ndi mtsikana wina woyera wa zikhadabo zazitali, dzina lake Thandi. Ndinati woimbayu ndi mwana wanga. Mayiyo anandiyang'ana patapata wanga n'kuseka.

Ndinapita kwa Austin.

"Amayi, wa kamera anati manja a Christobel ndi ong'aluka, sakugwirizana ndi masuti athu."

"Amaimba ndi manja, iwe? Kachewere wokazinga amene umadya mukamayeserera amakumba ndi manja a ndani?"

Anangowerama n'kumatokosa foni ya eni.

Mu Ogasiti anawaitana kuukwati konkuno. Eni ukwati anati abwere ndi mtsikana wa muvidiyo uja. Ndiye Austin anakonza zoti Thandi agwire maiki yozimitsa kutsogolo, Christobel aziimbira kuseri kwa masipika. Mwana wanga ndi wofatsa mopusa, anavomera. Tsiku la ukwatilo ndinamupeza kuseriko atakhala pa kireti, nthambo zitamuzinga m'miyendo.

"Dzuka. Ndinakuberekera kuseri kwa sipika ine?"

"Amayi, anthu akuona."

"Akuone kumene."

Ndinamukokera pabenchi ya azimayi, dzanja osalisiya. Nyimbo inayamba. Austin anathamanga ndi mawu ake, lipenga linalira, pofika poti Christobel alowe, Thandi anatsegula pakamwa koma sipanatuluke kanthu. Anthu anayamba kuyang'anana. Mwana wa eni uja ndinamumvera chisoni, si iye anayambitsa.

A Cyprian anatsitsa lipenga. "Austin, ine ndayang'anira mayeso zaka makumi atatu, sindinalolepo mwana kulembera mnzake. Tchula mwini mawu, apo ayi ndikupita kwathu."

Austin anayamba kuti, "Tili ndi mlongo wathu wina..."

"Ali ndi dzina," ndinatero ndili pabenchi pomwepo.

Anatchula dzina, ndi la bambo ake lomwe. Christobel anapita kutsogolo, anaimba nyimbo zitatu, akwati anavina atagwirana.

Vidiyo ija sanaichotsebe. Loweruka ndinakalapa za mkwiyo wanga, koma moni wa Austin sindinayambe kuyankha.