Musazimitse Pakhoma

Ndinali giredi 11 pamene ndinapatsa chigayo cha amayi kaubongo. Amayi amagaya nshawa kuseri kwa nyumba yathu ku Kwacha, chipondecho n'kukagulitsa m'mabotolo kumsika. Mota ya chigayo inkatentha msanga, ndipo ankaiyesa ndi kuseri kwa dzanja ngati mphumi ya mwana wodwala. Kukalabu ya makompyuta kusukulu anandibwereka kabolodi, kompyuta yathunthu yokwana m'chikhatho. Ndinalemba pulogalamu yoti kaziyeza kutentha kwa mota, ikatentha kaizimitse, ndipo isayakenso mpaka munthu atadina batani lobiriwira. Pakati pa kabolodi ndi mota ndinaika rile, kaswichi komvera kabolodiko, kamene kamalira kuti tcha kakatsegula moto.

Ndinazimangirira Lamlungu titachokera kutchalitchi. Ndinayamba ndayatsa kabolodi, katakhazikika ndipamene ndinalumikiza mota. Zonse zinayenda bwino.

"Chimodzi chokha, Amayi," ndinatero. "Musamazimitse pakhoma. Kakhadi kosunga pulogalamu kamawonongeka mukamakadulira moto pafupipafupi."

"Nanga chikadzuka chokha?"

"Sichingadzuke. Popanda batani ndi chitsulo chabe."

Amayi anaseka, nakauza mayi a nyumba yoyandikana nafe kuti injiniya wawo walamula.

Masiku otsatira malaiti sanapite, chinthu chachilendo kwathu. Anapita Lachinayi m'mawa. Tsono amayi ali ndi chizolowezi chawo: malaiti akapita, akabwerako kumsika masana amasambitsa chigayo. Amakulunga kansalu kudzanja, n'kulilowetsa lonse kukamwa kwa chigayo mpaka pamano ake, kukanda chiponde chouma. Kale ankayamba azimitsa pakhoma.

Masana amenewo tinali kukalabu, chifukwa chipinda cha makompyuta chili ndi sola. Aphunzitsi analumikiza babu ku rile yofanana ndi yanga, nati tiyang'ane bwino. Anazula pulagi, n'kuibwezera. Kagetsi kofiira ka pakabolodi kanayaka, kobiriwira kanaphethira kwa kanthawi, kenako tcha! Babu linayaka popanda womuuza. Linakhala choyaka mpaka pulogalamu itayamba, ndipo pamenepo linazima.

"Mwaona?" anatero aphunzitsi. "Kabolodi kakamadzuka kamakhala ngati munthu wochokera kutulo, kamagwira zimene sikanatumidwe. Pulogalamu yanu imakhala isanafike. Apa ndi babu chabe. Nanga ikanakhala mota?"

Anzanga anaseka. Ine ndinakumbukira dzanja la amayi m'kamwa mwa chigayo, pakhoma posazimitsa.

Ndinapempha foni ya aphunzitsi n'kuimbira kunyumba. Ya amayi inali yozima. Batire lake silichedwa kutha. Nambala ya oyandikana nafe sindinkaidziwa pamtima. Ndinafunsa mnzanga wa ku Kwacha komweko kuti malaiti abwera nthawi yanji.

"Akuti fifitini awazi, 3 koloko masana ano. Koma iwe, umawakhulupirira amenewo?"

Dzuwa linali litapendeka kale. Aphunzitsi atamva nkhani yanga sanafunse zambiri. Anangoti, "Thamanga, chikwama ndikusungira."

Minibasi ndinaipeza ili ndi anthu ochepa, kondakitala akuitanabe okwera. Ndinamupempha m'Chibemba kuti tinyamuke, kwathu kuli ngozi.

"Ikala panshi, mwaice," anatero, akundilozera mpando kuti ndikhale. "Aliyense muno ali ndi ngozi kwawo."

Mayi wina wonyamula beseni la tomato anandiyang'ana nkhope, nakalipira kondakitala uja kuti, "Iwe, sukuona mwanayu akulira? Tiyeni!" Ena anavomereza, ndipo dalaivala anaiyendetsa uku akung'ung'udza. Panjira ndinkangoyang'ana mababu a m'mashopu ndi m'malo ometera, ndikupemphera pemphero limene sindinalipempherepo chibadwire, lakuti malaiti asabwere. Minibasi ikaima kutsitsa munthu, ndinkaona zala za amayi, zija amandiluka nazo tsitsi.

Nditatsika ndinavula nsapato n'kuyamba liwiro. Ndinadutsa ogulitsa makala, ndinalumpha ngalande, ndinakhotera mumsewu wathu. Nyumba yathu inali ikuoneka pamene mfuu inayambira kumtunda, ana akulandizana nyumba ndi nyumba monga amachitira nthawi zonse: "Malaiti abwera! Abwera!" Wailesi ya wina inayamba kuimba pakati pa nyimbo.

Amayi anaimva mfuuyo, ndikudziwa. Koma analibe chifukwa chochotsera dzanja, poti injiniya wawo anali atanena. M'mutu mwanga ndinkaona kagetsi kofiira katayaka, kobiriwira kakuphethira. Mpweya woti ndifotokoze ndinalibe, choncho ndinangokuwa mawu amene ndinadziwa kuti mayi aliyense amasiya nawo chimene wagwira.

"Amayi! Ndafa ine! Amayi!"

Ndinagunda geti ndi phewa. Amayi anatulukira pakona ya nyumba akuthamanga, mkono uli chiponde mpaka m'chigongono.

"N'chiyani? Wakuchita chiyani ndani? Nsapato zili kuti?"

Ndisanayankhe, kuseri kunamveka tcha, ndipo chigayo chinabangula. Chinalira mokakamira ngati chatsamwa, kenako pulogalamu inafika n'kuchizimitsa. Kunja ana anali akukuwabe.

Tinapita kuseri tonse awiri. Kansalu kamene amayi anakasiya m'kamwa mwa chigayo kanali katalowa konse. Kunsi, potulukira chiponde, kunkalendewera ulusi wonyowa ndi mafuta. Amayi anayang'ana ulusiwo nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja lawo n'kulitembenuza uku ndi uku. Ine ndinakhala pansi pafumbi.

Amayi anapita kukhoma nazimitsa swichi ndi chigongono.

"Kakhadi kako kawonongeke," anatero.

"Kawonongeke, Amayi."

"Ukudziwa chimene chachitika?"

Ndinawafotokozera za babu lija. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Ndiye chili ndi mankhwala?"

Ndinati aphunzitsi atithandiza kuika batani lina lachitsulo, losadalira pulogalamu, loti moto ukapita limasiya ndipo silibwerera lokha mpaka chala cha munthu chilidine.

"Chabwino. Ukachikonza, uchizime ndi kuchiyatsa pamaso panga mpaka ine nditope. Koma pakhoma ndizizimitsa, injiniya afune asafune." Anandigwira patsaya ndi dzanja lomwe lija, nandisiyira chiponde kumaso. "Tsopano pita ukatole nsapato, anthu asanazione."