Malita ndi Chimera cha Dima

Malita wa ku Zingalume ankadziwika ndi kamunda kake ka mawere. M'zaka zimenezo alangizi a boma ankayendayenda pa njinga kulimbikitsa chimanga ndi mtedza, ndipo anthu ambiri anali atachepetsa mbewu yovutayi, yofuna kupalira ndi zala, kudula ngala imodziimodzi ndi kampeni, komanso kuswera kumunda kuingitsa mbalame. Iye sanaisiye. Chaka ndi chaka ankawaza mawere m'mbali mwa chulu, nakolola madengu awiri kapena atatu.

Mu 1954 anapeza dengu limodzi lokha, chifukwa mpheta zinamudyera. Chaka chomwecho mwamuna wake Filimoni, mkamwini pamudzipo, anatsegula mphanje yaikulu yoti anthu awiri sakanatha kuigaula mvula isanagwe. Choncho anamema dima, kuti amuna khumi ndi awiri adzabwere ndi makasu awo, iye adzawathokoze ndi mowa. Malita anapatula kachikho ka mbewu, otsalawo anawaviika, nawafundika ndi masamba a nthochi mpaka atamera. Kenaka anayanika chimeracho pamphasa pabwalo.

Sabata lomwelo mng'ono wake Keziya anachira mwana wamkazi. Mwamuna wa Keziya anali kumigodi ku Kabwe, ndipo mayi a Malita ndi Keziya anali atamwalira kale, motero zonse zinagwera Malita. Keziya anataya magazi ambiri. Anagona m'chikuta milomo ili mbuu, ndipo phala la chimanga akamupatsa ankalibweza. Mkaka sunkatuluka. Tsiku loyamba khanda linalira mosalekeza. Lachiwiri linkalira ngati kamphaka. Lachitatu linangoti zii, liwombo litayamba kulowa.

Chipatala chinali ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo azamba anati kumunyamula Keziya pamachila dzuwa lotere n'kumupha panjira.

"Akulu," anatero Keziya chonong'ona, "ine ndikapita, mwanayu mudzamutenge."

"Khala chete iwe. Palibe akupita kulikonse," anayankha Malita.

Atatuluka, maso ake anagwera pamphasa paja. Anakumbukira kuti iyeyo atadwala pobereka mwana wake woyamba, chimene chinakhazikika m'mimba mwake chinali phala la chimera cha mawere, lamadzimadzi, lotsekemera lokha popanda kuthira kanthu. Anaima pang'ono, nayang'ana kumunda kumene Filimoni ankatentha zitsa. Kenaka anawola chimeracho ndi lichero n'kukagwada pamphero.

Filimoni anamupeza akupera, dzuwa lili paliwombo. Anayang'ana mphasa ija, naona kuti mbali imodzi yayera.

"Nabanda, ufa umenewo ndi wa mowa?"

"Ndi wa phala la Keziya."

"Chimanga chatha m'nkhokwe?"

"Akuchibweza, bambo. Mwamuona inu?"

"Ndingamuone bwanji ali m'chikuta?" Filimoni anatsitsa mawu. "Ndamema anthu. Chimerachi n'chochepa kale. Mukachotsapo, mowa suwira, ndipo ine ndisanduka wabodza pamudzi wa eni. Mitambo mukuiona?"

Mitambo inalidi itayamba kusonkhana chakum'mawa. Malita ankadziwa kuti mwamuna wakeyo sakunama. Mphanje ikapanda kulimidwa, njala idzalowa m'nyumba mwawo, mmene munali ana anayi.

"Ndikuiona," anatero, osasiya kupera. "Koma amunawo angabwerenso ndi makasu omwewo kudzakumba manda awiri."

 Filimoni anati, "Akapanda kuchira, tidzakhala tataya zonse." Anatola khasu lake n'kubwerera kumunda osadya.

Malita anaphika phalalo mumphika waung'ono, nathiramo nsinjiro pang'ono. Anakweza mutu wa Keziya pamwendo pake n'kumumwetsa ndi chipande. Keziya anameza kamodzi, kawiri, katatu. Malita anadikira, maso ali pakhosi pa mng'ono wake. Phalalo silinabwerere. Patapita kanthawi anamupatsanso, ndipo anachita zimenezi mpaka dzuwa kupendeka. Khandalo anapita nalo kwa mayi wina woyamwitsa wa kutsidya kwa dambo, amene analola kuliyamwitsa kamodzi patsiku, poti naye wake anali wamng'ono.

M'mawa mwake mkaka unali usanatulukebe. Azamba anafinya bere la Keziya, napukusa mutu. Malita anapitanso kumphero. Tsopano ankaphika kanayi patsiku, ndipo chimera chinkangochepera. Filimoni akamadutsa ankayang'ana kumbali. Mabingu anamveka masana amenewo, koma mvula sinagwe.

Tsiku lachitatu la phala, Keziya anadzuka yekha n'kutsamira chipupa. Anapempha kuti amuwonjezere, nakombeza ndi chala. Chakumadzulo anaitana mkulu wake ndi mawu achilendo. Malita anathamanga poganiza kuti khanda latsirizika. Anapeza nsalu ya Keziya itanyowa pachifuwa, mwana ali pabere, timasaya tikugwira ntchito. Anakhala pansi pakhomo pomwepo, namvetsera kakhosi ka mwanayo kakumeza.

Sanasiye kuphika. Anapitiriza masabata awiri, mpaka milomo ya Keziya inabwerera mtundu wake ndipo anayamba kufika yekha kuchitsime. Pofika apo mphasa inali mbee.

Dima silinachitike. Filimoni anayenda khomo ndi khomo kukapepesa, ndipo ena anamuseka kuti mkamwini walamulidwa ndi mphika. Mvula inagwa patatha masiku asanu, ndipo awiriwo analima okha, m'matope, kuyambira mbandakucha. Anafika theka la mphanje yokha. Mwezi wa Febuluwale banjalo linkadya kamodzi patsiku, nthawi zina maungu okhaokha, ndipo Filimoni anatha nyengo yonseyo osalankhula zambiri kwa mkazi wake.

Mwana uja anamutcha Lena. Bambo ake atabwera kuchokera ku Kabwe chaka chotsatira, anamupeza akuyenda chogwira zipupa. Atamva zonse kwa Keziya, sanabwererenso kumigodi nyengo imeneyo. Anasula khasu latsopano, nakalowa m'munda wa Filimoni tsiku lililonse mpaka mphanje yonse inatha.