Kuboma ndi Tiyamike, chaka chomwe palafini anasowa

Ndinanyamuka kwathu kwa Kapondo kukucha, mwana wanga Tiyamike ali kumbuyo. M'kachikwama munali khadi lasikelo, khadi lachipani, mbatata zootcha, ndi botolo la palafini lopanda kanthu, poti mwina mwake.

Chondiyendetsa chinali chikuku. Chinali chitalowa m'mudzi, ndipo mwana wa oyandikana nafe tinali titamuika sabata yomweyo. Tiyamike anali atakwana miyezi yobayitsa katemera, koma pachipatala chathu chaching'ono anesi anatiuza kuti filiji yawo imayendera palafini. Palafini atatha inazima, mankhwala onse n'kuonongeka. "Amene angathe apite kuboma," anatero.

Mpaka kumsewu waukulu ndinakwera ngolo ya aChisale, yonyamula mtedza. Malipiro anali mazira awiri.

"Izi, mayi, sizimwa dizilo," iwo anatero akuloza ng'ombe zawo. "Msipu ulipo, ulendo ulipo."

Basi sinabwere tsiku limenelo. Dzuwa litakwera panafika matola, kagalimoto kachitseko chomanga ndi waya. Ulendo womwe tinkalipira theka la kwacha, adalaivala anati kwacha yathunthu, ndipo palibe anatsutsa. Mayendetsedwe awo anali achilendo. Tikafika potsetsereka ankazimitsa injini, galimoto n'kumatsika chete ngati ikuzemba munthu. Pachitunda ankailizanso, ati kusunga mafuta.

Pafupi nane panakhala aphunzitsi ena ochokera kummwera, atafungata mabuku. Ndinawafunsa komwe mafuta apita.

"Mafuta sitikumba kuno, mayi," anayankha. "Amachokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Kale ankabwera pasitima kudzera ku Mozambique, njira yachidule. Tsopano kuli nkhondo, njanji anaidula. Ndiye akuzungulira maiko, mpaka kudzalowera ku Zambia kuno."

"Aphunzitsi," anatero abambo ena achikulire osatembenuka n'komwe, "tiyeni tizikamba za mvula."

Tinakambadi za mvula mpaka pa Kamwendo.

Titakhotera mumsewu wa kuboma tinayamba kukumana ndi zimagalimoto zamathanki zochokera kumalire, zolowera ku Lilongwe, zodzaza mafuta. Ndipo m'pomwe matola athu anatsokomola n'kuima. Amuna anatsika kukankha, koma adalaivala anangogogoda thanki yawo, n'kulira ngati chitini.

"Taonani," iwo anatero chimodzi chikudutsa, "ife tingonunkhiza."

Ndinamangitsa mwana bwinobwino n'kuyamba wapansi. Panjira ndinagula chigumu, tinagawana ndi Tiyamike pansi pa mtengo wa mango. Kuchipatala cha kuboma ndinafika dzuwa litapendeka. Pachipata achinyamata a chipani anaona khadi langa lachipani, ndinalowa.

Sikelo inali itatha, mabenchi ali mbee. Anesi ena aatali, olankhula Chichewa chakumpoto, ankatseka kabati. Filiji yawo, yoyendera magetsi, inali ikugwira ntchito, ndinaimva kulira kwake.

"Katemera alipo," anandiuza, "koma kabotolo kamodzi n'ka ana ambiri. Ndikakatsegula lero, wotsala mawa ngotaya. Nayenso akubwera movutika ngati mafuta omwewo. Mubwere Lachisanu."

"Nanga chikuku chidikira Lachisanu, anesi?"

Anamuyang'ana mwana, kenako mapazi anga afumbi.

"Mukapeza anzake angapo osabayitsa ndisanaweruke, nditsegula."

Pobwera ndinali nditaona mzere wautali pamalo ogulitsira mafuta, amayi okhaokha ndi mabotolo, ambiri ali ndi ana kumbuyo. Kunali kutamveka kuti palafini agulitsidwa masana omwewo. Ndinabwerera komweko, n'kuyamba kumapeto kwa mzere.

"Zikomo amayi anzanga. Mwana wanuyu anabayitsa wa chikuku?"

Ena anati anabayitsa. Ena anandiyang'ana ngati ndikugulitsa kanthu. Mayi wina wonenepa, amene anzake ankamutchula aNazimbiri, anavomera kuti wake sanabayitse.

"Koma iwe mtsikana, ndafika pano mame asanaume. Ndichoke, wina adzaime pamalo panga? Kunyumba ndikaunikira jekeseni?"

"Manje ngati ayamba kugulitsa ise tili uko?" anawonjeza wina wakumalire, wolankhula ngati a ku Chipata.

Ndinawauza za maliro a mwana uja kwathu, mosachulukitsa. Kenako aNazimbiri anang'amba kansalu kumphepete kwa chitenje chawo, n'kumanga pakhosi pa botolo, n'kuliimika pansi pomwe anaima. Kuboma ndi momwe ankasungira malo masiku amenewo: botolo ndiye munthu, ndipo wolisuntha ankayambana ndi mzere wonse. Ena anayi anachita chimodzimodzi. Nanenso ndinaimika langa kumapeto.

"Achimwene a nzimbe," aNazimbiri anakuwira bambo wogulitsa pambali, "mutiyang'anire anthu athuwa. Akayamba ndewu muwaleretse."

Anesi anatipeza pabenchi atavala kale juzi. Anatiwerenga ndi maso, n'kutsegula filiji. Tiyamike anabayidwa woyamba, ndipo analira kuposa anzake onse.

Titabwerera kumzere tinapeza mabotolo ali pomwe tinawasiya. Palibe linasuntha, chifukwa mzerewo sunayende n'komwe. Patapita kanthawi mwini malo anatuluka n'kunena kuti lero palibe, tiyese mawa.

"Bola ana anyowako pamkono," anatero aNazimbiri akutola botolo lawo.

Ndinagona kwa azakhali anga kuseri kwa msika. M'mawa mwake ndinapeza lole yopita kwathu kukatenga fodya, ndinakwera pamwamba pa ziguduli, botolo likadali louma. Chikuku chinazungulira m'mudzi mpaka mvula yoyamba, koma pakhomo pathu sichinalowe.

Nyanja yamchere sindinaione, njanji yodulidwayo sindikuidziwa, ndipo omenyanawo sadziwa kuti kuli Kapondo. Koma iwo atadula njanji kumeneko, kamoto ka pansi pa filiji yathu kanazima kuno. Kuyambira ulendo umenewo, ndikalowa pasikelo ndimayamba ndasuzumira kamotoko, kenako n'kupereka moni.