Sipanala ndi Theka la Filimu

Mwana wa mlongo wanga ndi wowotcherera zitsulo, ndipo aliyense amamutchula kuti Sipanala, ngakhale amayi ake omubereka. Amapanga mageti, mafelemu a mawindo, ndi mabedi olimba moti nyumba ina itagwa ndi mvula, bedi linatsala chiimire likudikira nyumba yatsopano. Ntchito amaidziwa mphwangayu. Vuto lake ndi limodzi: ali mwana anaonera filimu.

Nthawi imeneyo mumsewu mwathu nyumba ya tivi inali imodzi, ya aphunzitsi aakulu, ndipo kaseti analinso nayo imodzi, ya anthu oyenda m'chombo kupita ku nyenyezi. Loweruka masana ana ankadzaza pabalaza kuonera yomweyomweyo. Mphwangayu anamupirikitsa tsiku loyamba chifukwa cha mafunso. Ankafuna kudziwa mafuta amene chombocho chimamwa, komanso kumene anthu a m'katimo amapita akafuna kudzithandiza. Kuyambira pamenepo ankaonera ali pakhonde, diso limodzi pakampata ka chitseko. Pakampatapo pankaoneka mbali ya kumanzere yokha ya tivi, ndipo kumanzereko kunkaima bambo wina wa ovololo yonyezimira, sipanala m'manja, akumanga chinachake pakhoma la chombo.

Mwanayo anagamula kuti ameneyu ndiye mwini filimu. Mawu pakhonde sankafika, choncho zotsalazo anakwaniritsa yekha m'mutu, ndipo pamene ankakula nkhani inkakula naye. Bambo wa sipanala anapulumutsa dziko. Anamanga dzuwa litakhwefuka. Ine filimu imeneyi ndaimva kambirimbiri moti nditha kuifotokoza mutu uli m'ndowa ya madzi. Makasitomala amabwera kudzatenga geti tsitsi lili bii, pobwerera ali ndi imvi. Ngakhale mkazi wake, yemwe ndi namwino, pomufunsira anamufotokozera filimu yomweyi. Mayiyo amati anangovomera kuti nkhaniyo ithe. Sinathe.

Ndiye pali chombo. Chilichonse chotsala kuntchito, kaya chidutswa cha paipi, mgolo wobooka, chitseko cha firiji, Sipanala amabwera nacho kunyumba n'kukachiwotcherera kuseri. Chombocho chinakula mpaka kupitirira denga, ndipo oyendetsa ndege amachilambalala. Chinadya bwalo lonse lakuseri, moti mkazi wake, apongozi angawo, zovala ankayanika pamipando m'nyumba. Yunifolomu yochapidwa Lamulungu inkauma mwini wake atatsala pang'ono kupuma pantchito.

Mwezi wathawu mwana wawo wamkazi, amene ali ku koleji, anaipeza filimu ija pa intaneti. Amayi ake sanachedwe. Anati banja lonse lionere Lamulungu masana. Wina akangogona isanathe, chombo chipite kwa ogula zitsulo zakutha mawa lake. Akapanda kugona aliyense, chikhale, ndipo iwo sadzachinenanso. Sipanala anavomera akuseka. Ine apongozi anandiitana kuti ndikhale mboni, poti ndine malume, komanso poti amadziwa kuti ndinagonapo pampando wa dokotala wa mano, dzino likuzulidwa.

Tsikulo apongozi anaphika chakudya chokwanira gulu la asilikali, anatseka makatani, n'kundipatsa pilo. Sipanala naye anandipangira khofi woti supuni inkaima yokha m'kapu. Sindinasamalidwepo chotere chibadwire.

Filimu inayamba. Chombo chinatulukira pakati pa nyenyezi, ndipo mwana wa ku koleji uja anafunsa mofatsa ngati chimenecho sichinali fulasiki ya tiyi. Inali fulasiki. Ulusi umene inalendewerapo unkaoneka, ndipo pena ndi pena pankadutsa chigongono cha amene anagwira ulusiwo. Zilombo za ku nyenyezi zinavala magolovesi otsukira mbale, china chinaiwala kuvula wotchi. Sipanala anati makina a masiku ano amaonetsa zinthu mopyola muyeso, pa tivi ya aphunzitsi aakulu ulusi panalibe.

Kenaka bambo wa sipanala anaonekera, kumanzere, pamalo pake pomwe paja. Mphwanga anawongola khosi ngati walowa mlendo wolemekezeka. Koma tsopano kumanja kunkaonekanso. Kumeneko kunali mayi wamtali wa chipewa cha ukaputeni, atagwira m'chiuno, akumukalipira bamboyo. Mayiyo ndiye ankayendetsa chombo, ndiye ankamenyana ndi zilombo, ndipo akapeza mpata ankabwera kudzafunsa kuti paipi ija itha liti. Paipiyo inali ya kubafa. Bamboyo dzina lake silinatchulidwe. Analankhula kamodzi, kupepesa.

"Ndi amenewa anamanga dzuwa aja, adadi?" anafunsa mwana.

"Dikira, zili kutsogolo."

Kutsogolo kunali paipi yomwe ija.

Apongozi anali atakonzeka kugona okha ngati ine ndingalephere ntchito. Bulangeti linali kale pamiyendo. Koma kaputeni uja atangotsegula pakamwa, bulangeti linagwa pansi, iwo n'kusendera kumapeto kwa mpando. Mayiyo akakalipa, iwo ankavomereza ndi mutu ngati ali pamsonkhano wa anamwino. Ine khofi anandithera, zikope zinayamba kulemera ngati mageti a mphwanga, koma ndikangotseka diso chigongono cha apongozi chinkandipeza m'nthiti.

"Amalume, dzukani, muone mayi awa mmene akugwirira ntchito."

Anali ataiwala chimene anandiitanira.

Amene anayamba kuwodzera anali mwini chombo. Munthu amene anadikira filimu imeneyi kuyambira mano a mkaka mpaka dazi, mutu unayamba kugwera pachifuwa, chibwano chikusaka kolala. Mwana wake anatsokomola dala. Sipanala anadzidzimuka, anayang'ana tivi, anayang'ana pawindo pamene mthunzi wa chombo chake unkaonekera pakatani. Anaimirira n'kutuluka m'chipindamo. Tinaganiza kuti wakalira kubafa. Koma anangoima kuseri kwa chitseko, anachikoka pang'onopang'ono mpaka patatsala kampata, n'kuikapo diso limodzi.



"Eya," anatero ali kuseriko. "Amalume, yabwerera. Filimu yake ndi imeneyi."

Anaonera choimirira mpaka mayina a ochita filimu atatha. Munthu woimirira sagona, choncho monga mboni ndinalengeza kuti palibe wagona, chombo chikhala.

Apongozi sanatsutse, pangano ndi pangano. Anangoti tsopano aona ndi maso awo kuti chombo chilichonse chimakhala ndi kaputeni, ndipo kaputeni wa chimenechi akufuna ngowe zowotcherera kuyambira kumphuno kwa chombo mpaka kumchira, zingwe zikafike kumpanda.

Nditadutsako m'kati mwa sabata ndinapeza mphwanga ali kumanzere kwa chombo, sipanala m'manja, ndipo kumanja kunali apongozi atagwira m'chiuno, akufunsa kuti ngowe yomaliza itha liti. Pamwamba pawo mayunifolomu oyera ankakupiza pamodzi ndi masokosi, atauma kale dzuwa lisanapendeke.

Filimu ija amaifotokozabe kwa makasitomala, ndipo dzuwa limamangidwabe. Kungoti masiku ano muli mayi wina wamtali. Mkazi wake akakhala kuntchito, Sipanala amati mayiyo anali wothandizira.