Beseni la madzi pa mahampu a ku Chimwankhunda

Achimwene, lero ndinali ku Limbe kukasankha mashoko, zitsulo zoletsa kudumphadumpha zija, a galimoto yanu yakale ija ya zitseko ziwiri. Wogulitsa amandikakamiza aatali, akuti onse n'chimodzimodzi. Ndinakana. Ndinakumbuka tsiku lija munaitsitsa poika masipuling'i aafupi, n'kundikhazika kutsogolo, beseni la madzi lili pamiyendo. Pa hampu yoyamba ya ku Chimwankhunda galimoto inadumpha ngati chule, chitenje changa chonse n'kunyowa. Inu osaseka n'komwe. Munangoti, "Waona? Sipuling'i yaifupi imafuna shoko yaifupi, yolimba. Yaitaliyi ikugunda pansi." Munatisiya musanapeze mashoko oyenera, galimoto n'kukhala pamiyala.

Mwana wanu Tadala akukwatiwa Loweruka, ndipo wanenetsa kuti popita ku tchalitchi sakwera ina ayi. Makaniko atamanga mashoko aafupi, tayesa mwa njira yanu yomweyo. Ndimayendetsa ndine, beseni ananyamula Tadala. Tadutsa mahampu onse mpaka ku Soche, madzi osatayika ngakhale dontho. Potsika wandifunsa kuti, "Azakhali, adadi akanati chiyani?" Ndamuuza zoona: mukanati tibwererenso, beseni silinadzaze bwino.