Mtsinje Umene Malume Sankatilola Kuwoloka

Dayisi ya malume anga inali yofiira, ya ludo, yobenthuka ngodya imodzi. Malume ankaisunga m'bokosi la machesi, ndipo pa katundu yense amene tinkayembekezera kuti abwera naye kuchokera ku Joni, chimene ine ndinaona ndi maso anga ndi chimenecho basi. Anzawo ankabwera ndi njinga, mawailesi ndi malata. Iwo anatsika basi pa Sharpevale ndi jumbo m'manja. Mayi, amene anali mlongo wawo, sanafunse zambiri. Inali nyengo yoti mpunga wayamba kucha, choncho anangowauza kuti azipita nafe kusikimu, kuminda ya mpunga yothirira, kukaingitsa mbalame. Munthu wandevu zake kupatsidwa ntchito ya ana! Nthawi imeneyo ndinkaseka. Lero ndikakumbuka, mtima umandiwawa.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo sukulu tinali titatsekera. Ana tinalipo anayi: ine, mlongo wanga wamng'ono, ndi anyamata awiri a munda woyandikana ndi wathu. Tinkakhala m'chisakasa cha udzu n'kumakoka chingwe chimene tinamangirira zitini zokhala ndi timiyala. Mpheta zinkavuta m'mawa ndi kumadzulo. Masana dzuwa la ku Bwanje likafika pamutu, matope a m'ngalande akununkha, nazonso zinkabisala m'mitengo. Ndi nthawi imeneyo pamene malume anatiphunzitsa masewera awo.

Anati anawaona ku Joni, kwa bwana amene ankamusamalira maluwa. Ana a bwanayo ankazungulira tebulo, mmodzi n'kumasimba nkhani, enawo n'kukhala anthu a m'nkhaniyo, ndipo dayisi ndi imene inkagamula ngati zimene munthu wayesa zatheka. Ife tebulo lathu linali katoni ya sopo. Malume anajambulapo ndi khala njira yochokera ku Ntcheu mpaka ku Joni. Aliyense anatenga chitsekerero cha botolo n'kusankha kuti akhala ndani. Ine ndinali makanika, mlongo wanga anali namwino.

Kusimba ankakutha malume, zimenezo sindingawalande. Munthu wosayankhula kunyumba uja, akagwira katoni ankasanduka wina. "Mwafika pamalire. Msilikali akufuna pasipoti, inu mulibe. Mutani?" Ankasintha mawu, kulowetsamo Chipwitikizi ndi Chizulu, mpaka ife kuiwala thukuta. Ankatiuza mmene mumanunkhira m'lole yotsekedwa, anthu atapanikizana ngati matumba a feteleza, ndipo tinkapezeka kuti tagwira mpweya.

Koma masewerawo anali ankhanza. Ukapulumuka pamalire, achifwamba akudikira m'tchire. Ukathawa achifwamba, ludzu. Ukapirira ludzu, unkafika pamtsinje waukulu womaliza, ndipo pamenepo pankafunika sikisi. Ukaponya sikisi, malume ankati wangofika pakati, uponyenso ina. Milungu iwiri yathunthu palibe anaponda tsidya linalo. Ukalephera, chitsekerero chako ankachichotsa pakatoni ndi chala, mosaseka n'komwe. Tsiku lina namwino wa mlongo wanga anamira atatsala pang'ono kugwira bango la kutsidya, ndipo mwanayo analira mpaka kusisima.

Ndinawadandaulira. "Malume, tachepetsaniko. Tiwolokeko ngakhale kamodzi." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Njira yake ndi imeneyo, mphwanga. Ukufuna ndikunamize?"

Mpaka lero ndimanenabe kuti pamenepo analakwa. Ndili ndi ana anga tsopano, ndipo ndikudziwa kuti mwana womangogonja tsiku ndi tsiku amatopa. Kudandaula kuja sindinalakwe. Ndikanangodandaulanso kachiwiri, kachitatu, kapena kuwafunsa chifukwa chake. Koma ine ndinabadwa wamakani, ndipo kukanizidwa kamodzi kokha kunandikwanira.

Ndinaumba dayisi yanga ndi dongo la m'ngalande, n'kuboola timaso ndi kamtengo, n'kuyanika padzuwa. Ndinapeza katoni yanga, n'kukakhazikitsa masewera anga pachulu, kumapeto kwa munda. Kwa ine aliyense ankawoloka. Asilikali ankangokweza dzanja, achifwamba ankathawa okha, ndipo dzuwa lisanapendeke aliyense anali atafika ku Joni n'kugula minibasi. Kunena zoona, masewera anga anali ngati ndiwo zopanda mchere. Komabe ana onse anasamukira kwa ine, ndipo ndinkayenda chifuwa chili patsogolo.

Malume anatsala okha m'chisakasa. Tikakhala pachulu tinkangomva zitini zikulira, kusonyeza kuti ntchito yathu yonse akuigwira ndi iwo. Mayi atabweretsa mbatata tsiku lina anaona, n'kundifunsa kuti, "Malume ako mwawasiya okha bwanji?" Ndinayankha kuti, "Amangotipha." Mayi anangomanga mpango wawo bwino n'kubwerera.

Kutatsala masiku ochepa kuti timwete mpunga, malume anabwera pachulu. Ananjuta pambali pa katoni yanga, akumwetulira mwamanyazi. "Bwana, ndingasewere nawo?" Anzanga anaseka, ine ndinavomera ndi mutu ngati mfumu. Anatulutsa zitsekerero ziwiri m'thumba la malaya, osati chimodzi. "Awa ndi awiri," anatero. "Amayendera limodzi."

Ndinawadutsitsa pamalire, ndinawadutsitsa m'tchire. Ndinkadikira mtsinje. Atafika anaponya dayisi yanga yadongo, n'kugwa faifi. M'masewera anga ngakhale wani ankawolotsa munthu, ndipo aliyense pachulupo ankadziwa zimenezo.

"Tawoloka?" anafunsa chapansipansi.

"Mmodzi yekha," ndinatero. "Winayo madzi amutenga." Ndinakankha ndi chala chitsekerero chimodzi, n'kukagwera m'ngalande. Anyamata aja anagubuduka ndi phwete.

Malume sanaseke. Anayang'ana pamene chinagwera paja. "Sindingabwerere kukamugwira dzanja?"

"Ayi. Inu munkatilola ife kubwerera?"

Anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo, n'kubwerera kuchisakasa. Posakhalitsa tinamva zitini zikulira mwamphamvu. Ndinakweza maso, koma m'munda monse munalibe mbalame ngakhale imodzi.

Titamweta mpunga anapita kukafuna ntchito kumaesiteti a fodya. Ankabwera mwa apo ndi apo, pa maliro kapena pa Khirisimasi, ndipo tinkapatsana moni mwaulemu ngati anthu ongodziwana. Anamwalira ine ndili ku sekondale. Sindinawapepese, chifukwa nzeru zoti pali chopepesa zinandifikira iwo atagona kale.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti nkhaniyo sinali yobisika. Mudzi wonse unkadziwa kuti popita ku Joni ananyamuka awiri, iwo ndi mnzawo amene anakulira naye limodzi, ndipo mnzawoyo sanafike. Inenso ndinkadziwa. Ndinkaona mayi ake a mnzawoyo akudutsa pakhomo pathu, kulonjera aliyense kupatula malume. Zonsezi ndinkazidziwa monga mmene mwana amadziwira zinthu, m'makutu mokha. Sindikanatha kumvetsa kuti munthu wamkulu angawoloke munda wonse n'kudzanjuta pamaso pa kamwana, chifukwa wamva kuti kuli mtsinje wina umene aliyense amawoloka, ndipo akufuna kuti kamodzi kokha akafike tsidya linalo ali awiri. Madzulo a tsiku limene anasewera pachulu lija ndinabwerera kunyumba ndikuimba likhweru, n'kumauza aliyense m'njira kuti lero malume ndawakhaulitsa.